Mwana wanga wandipatsa buku lokondwerera imfa ya mayi, akundiuza chiyani?

"Zikomo mayi mlangizi. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Lilongwe. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali ndi zaka 23 ndipo akugwira ntchito ku Blantyre. Atabwera pa Khirisimasi anandisiyira buku la Chingerezi lolembedwa ndi Jennette McCurdy, mtsikana wa ku America yemwe ankasewera mu iCarly, pulogalamu imene anawa ankaikonda pa DStv ali ang'onoang'ono. Mutu wa bukulo ndi I'm Glad My Mom Died, kutanthauza kuti akukondwera kuti mayi ake anamwalira. Anangoti, 'Amayi, muwerenge.' Ndinalikuta ndi nyuzipepala kuti anthu asalione m'minibasi. Ndalimaliza lonse koma mtima wanga suli m'malo. Poyamba ndinapsa mtima: mwana wanji wonyoza mayi ake ali m'manda, nkumadyerapo ndalama? Kenako anandigwira mantha. Mwana wangayu ankaimba bwino kwambiri ali wamng'ono. Kuyambira ali ndi zaka 7 ndinkayenda naye m'maukwati ndi m'misonkhano ya mpingo, anthu nkumamufupa, ndipo ndalamazo zinkatithandiza pa ndiwo ndi fizi bambo awo atatisiya. Ali Fomu 2 anangoti sakufunanso, mpaka lero saimba ngakhale m'kwaya. Kodi akundiuza kuti ine ndili ngati mayi wa m'bukumu? Akufuna ndife? Nanga mabuku oterewa ndi oona, kapena ndi bodza lofunira ndalama? Amayi anzanga awiri omwe ndawauza akuti ndilitenthe bukulo ndipo ndimuitanire amalume ake."

Mayi mnzanga, zikomo polemba, ndipo pepani ndi mtima wowawawo. Tiyambe ndi zofulumira: bukulo musalitenthe, amalume asiyeni kaye alime minda yawo, ndipo mwanayo musamuimbire foni usiku uno mtima ukadali m'mwamba. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikupereka uphungu kwa makolo ndi ana awo akuluakulu, sindinaonepo mwana wofunira mayi ake imfa akuwanyamulira buku kuchokera ku Blantyre. Mwana amene wakutayani sachita zimenezo. Amangoti zii, mwezi ukatha nkutumiza kangachepe pa foni, Khirisimasi ikafika nkupeza chifukwa chosabwerera. Wanuyu wabwera, wakuikani chinthu m'manja, wati muwerenge. Ameneyo akufuna kulankhula nanu, kungoti pakamwa pakumulemera.

Za nyuzipepalazo ndaseka pang'ono, mundikhululukire, chifukwa si inu oyamba. Chitulukire bukuli mu Ogasiti 2022, ladutsa patebulo langa kangapo, ndipo kawiri konse linabwera litakutidwa ngati kope la mwana wa pulayimale. Mayi wina anachita kulimata ndi pepala la kalendala ya mpingo. Nzomveka. Pachikutopo pali mtsikana wa kankhope koseka atanyamula kamtsuko kapinki kosungiramo phulusa la maliro, ndiye ndani angakhale nacho pamiyendo m'minibasi, woyandikana naye akusuzumira?

Kwa anzathu omwe sanaliwerenge, nkhani yake mwachidule ili motere. Jennette anabadwa mu 1992 ndipo anakulira ku Garden Grove, ku California, m'banja losowa ndithu poyerekeza ndi anzawo akumeneko. Mayi ake, Debra, ali mtsikana ankalakalaka kukhala katswiri wa zisudzo koma makolo awo anawakaniza, ndiye loto lija analisenzetsa mwana wawo ali ndi zaka 6. Mwanayo anadziwika msanga ndi luso lotulutsa misozi nthawi ina iliyonse akauzidwa. Kuyambira 2007 mpaka 2012 ankasewera ngati Sam Puckett mu iCarly pa Nickelodeon, kanema wa ana wa ku America. Malinga ndi zomwe walemba, ali ndi zaka 11 mabere atayamba kumera, mayi akewo anamuphunzitsa kudzimana chakudya kuti thupi lichedwe kukula, azipezabe malo m'masewero a ana. Ankamusambitsa okha mpaka ali ndi zaka 16, nkumamupima thupi lonse ponamizira kufufuza khansa. Anamwalira ndi khansa mu 2013, mwanayo ali ndi zaka 21.

Kupsa mtima kwanu koyamba kuja sindikukutsutsa. Tinaleredwa ndi mawu akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pa maliro timawerenga mbiri ya malemu, ndipo ngakhale bambo amene mudzi wonse ukudziwa kuti ankamwera malipiro ake onse, tsiku limenelo amasanduka "munthu wa anthu". Mwambo umenewu uli ndi ntchito yake, umateteza ofedwa pa tsiku lomwe sangathe kusenza zambiri. Ndipo musaganize kuti ndi ife tokha. Ku America komweko anthu ambiri anakhumudwa ndi mutu wa bukuli asanatsegule ngakhale tsamba limodzi. Koma taumvetsetsani bwino mwambiwo. Ukunena za mwendo waufupi, chilema chimene mayi sanachisankhe: umphawi wake, kusaphunzira kwake, chitenje chake chong'ambika. Sukunena za mayi wophunzitsa mwana wa zaka 11 kugona ndi njala chakudya chili m'nyumba. Makolo athu analinso ndi mawu ena, akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene akutsekula chitseko m'mabuku awa ndi omwe m'mimba munawapota kwa zaka zambiri ife tikuwaombera m'manja.

Pali chinthu chomwe owerenga okwiya ambiri amachidumpha, ndipo ndikufuna mubwererenso mukachione. Munthu woyamba kukana kuti Debra analakwa anali Jennette mwini wake. Bukuli likuyambira m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mayi ali chikomokere, ana akusinthana kuwanong'oneza nkhani yabwino yoti mwina iwadzutse. Nkhani yabwino imene mtsikanayu anapita nayo kukhutu kwa mayi ake inali yoti tsopano waonda mpaka kufika pa mapaundi 89, omwe ndi makilogalamu 40 basi, kwa munthu wa zaka 21. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti zimenezo ndiye ziwatsegula maso. Patapita nthawi, mlangizi wake woyamba atangoyerekeza kunena kuti zomwe mayi ake ankachita zinali nkhanza, mtsikanayu ananyanyala, osabwererakonso. Ndiye mukamawerenga mutu uja, dziwani kuti sanaulembe mwana wachipongwe wongodzuka m'mawa nkutukwana manda. Anaulemba munthu amene anateteza mayi ake kuposa mmene amayi anzanu awiri aja akuwatetezera, mpaka thupi lake litatsala pang'ono kutha. Ngakhale kumapeto akuvomereza kuti nthawi zina amawasowa.

Tsono funso lanu loti kodi nzoona. Buku la mbiri ya moyo wa munthu lili ngati mboni imodzi pabwalo la amfumu. Mboniyo ikhoza kunena zoona zokhazokha monga inazionera, komabe ndi imodzi. Debra sangayankhe. Komanso palibe munthu amene amakumbukira liwu ndi liwu zomwe zinayankhulidwa m'galimoto ali ndi zaka 6. Olemba amamanganso zokambiranazo kuchokera pa zomwe zinatsalira m'mutu. Nthawi zina wonenedwayo amakhala ali moyo ndipo amatsutsa. Tatum O'Neal, yemwe anapata mphoto ya mafilimu ya Oscar ali ndi zaka 10 zokha, atatulutsa buku lake mu 2004 lofotokoza nkhanza za bambo ake, Ryan O'Neal, bambowo anakana poyera kuti ndi mabodza. Mu 2011 awiriwa anachitira limodzi pulogalamu ya pa kanema yoyesa kuyanjana. Wowerenga wanzeru amasunga zonsezi m'mutu, osathamangira kugamula mlandu wa banja lomwe sanakhalemo.

Koma kukayika pa tsamba limodzi nkosiyana ndi kunena kuti zoterezi sizichitika. Zinalembedwa m'mabuku a khoti kalekale. Jackie Coogan, kamnyamata kamene kanasewera ndi Charlie Chaplin mu 1921, kanapanga ndalama mamiliyoni a madola. Atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo omupeza anazimwaza, ndipo mu 1938 anawasumira. Atachotsa zolipira mlandu anatsala ndi madola pafupifupi 126,000. Chaka chotsatira California inakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, lomwe lero limati magawo 15 pa 100 aliwonse a malipiro a mwana azisungidwa ku akaunti yomwe makolo sangaikhudze. Shirley Temple, mwana wotchuka kuposa onse m'mafilimu a zaka za m'ma 1930, yemwe pambuyo pake anadzakhala kazembe wa America ku Ghana mu 1974, analemba m'buku lake la 1988 kuti pa madola oposa 3 miliyoni omwe anagwirira ntchito, anapeza 44,000 okha. Iye anasankha kusawaimba mlandu bambo ake, omwe ankayang'anira ndalamazo, ndipo owerenga ambiri anamutamanda kuti ndi mwana waulemu. Taonani mmene timachitira ife owerenga: wokhululuka timamukhulupirira msanga, wokwiya timamufunsa umboni. Chonsecho onse awiri akunena za chinthu chimodzi.

Za ndalama, inde, bukuli lagulidwa kwambiri, m'masitolo akuluakulu a ku America linatha tsiku loyamba lomwe, ndipo mwini wake wapindula. Sindikuona cholakwa pamenepo. Anagwira ntchito kuyambira ali ndi zaka 6 yodyetsa ena, ino ndi ntchito yomwe wasankha yekha. Ndipo mukumbuke zomwe walemba, kuti pochoka ku Nickelodeon anamulonjeza madola 300,000 ngati angavomere kusakamba poyera zomwe anakumana nazo kumeneko, iye nkukana. Akanakhala wongofuna ndalama, kukhala chete kukanamulipira msanga.

Tsopano tibwere kwa mwana wanu. Pa zomwe ndaona, buku limodzi lomweli anthu amaliwerenga atakhala pa mipando yosiyana, ndipo chomwe chimawabaya chimatengera mpandowo. Inu mwaliwerenga muli pampando wa kholo. Iye mwina waliwerenga ali pampando wa woonera. Achinyamata a msinkhu wake omwe ndacheza nawo, ambiri chimene chimawapweteka si nkhani ya mayi ayi, ndi chakudya. Sam wa mu iCarly ankadziwika ndi kususuka, nthawi zonse ali ndi mwendo wa nkhuku kapena nyama m'manja, ndipo ana ankafa nazo nseko. Kudzamva kuti mtsikana amene ankasewerayo ankadwala matenda odzimana chakudya, kenako odya nkumakadzisanzitsa, omwe madokotala amati anorexia ndi bulimia, zimawachititsa manyazi ngati kuti analakwa kuseka. Mnyamata wina anandiuza kuti anayesa kuoneranso gawo limodzi, nkuzimitsa lisanathe. Ubwana wawo umakhala ngati wathimbirira. Ndiye nkutheka kuti mwana wanu akungoti, "Amayi, mukumukumbuka Sam uja tinkaonera pabalaza? Taonani zomwe zinkachitika." Nkutheka ndithu.

Alipo ena owerenga ngati apolisi ofufuza. Iwo chawo nkusaka kuti bwana amene wangotchulidwa kuti The Creator ndi ndani, kapena kuti Jennette ananena chiyani za woimba Ariana Grande yemwe ankasewera naye mu pulogalamu ina ya Sam & Cat. Nyuzi zambiri zinathamangira komweko, buku lonena za mayi ndi mwana nkusanduka miseche ya anthu otchuka. Enanso amangoti, "Olemera akulira chiyani, ife tinkapita kusukulu osadya." Awa ndimawamvetsa, koma njala yosowa ufa ndi njala yolamulidwa ndi mayi wako ufa ulipo ndi zilonda ziwiri zosiyana, ndipo chimodzi sichichiza chinzake. Gulu lomwe limandidabwitsa ndi la okhumudwa buku likakhala lopanda misozi. Ron Howard ndi mng'ono wake Clint, omwe onse anakulira pa kanema, analemba mu 2021 buku loyamikira makolo awo kuti anawateteza ndi kuwasungira ndalama zawo. Mtsikana wina m'gulu lathu lowerenga mabuku analibweza atafika pakati, ati mulibe nkhani. Tinazolowera kuti mwana wotchuka azithera m'mowa ndi m'mankhwala ozunguza bongo, ngati Drew Barrymore yemwe anagonekedwa kumalo othandizira omwerekera ali ndi zaka 13, moti akapulumuka timaona ngati watibera. Mara Wilson, amene anasewera ngati Matilda mu filimu ya dzina lomweli mu 1996, ananena mosapsatira kuti makolo ake ankamuteteza, ndipo omwe ankamuyang'ana ndi maso achiwerewere ali mwana anali anthu oonera ndi atolankhani, mpaka azibambo akuluakulu kumamulembera makalata achikondi. Chala chimenecho chikuloza ife oombera m'manja.

Komabe ndingakunamizeni nditakuuzani kuti nkhani ya kuimba ija ilibe mbali. Mwana amene anayamba kuimbira anthu ali ndi zaka 7, nkusiyiratu ali Fomu 2 osadzatsegulanso pakamwa ngakhale m'kwaya, kenako nkupatsa mayi ake buku ili osati lina, mwina ali ndi mawu. Inunso mukudziwa, nchifukwa chake tulo tasowa. Ndiye tiyeni tiyang'ane bwinobwino, mopanda kudzinamiza komanso mopanda kudzipachika.

Inu si Debra. Palibe m'kalata yanu chosonyeza kuti munkamumana chakudya, kumulanda thupi lake kapena kumutsekera anzake. Munali mayi wosiyidwa ndi ana atatu, fizi ikufunika, mwana ali ndi mphatso, anthu akufupa. Ambiri mwa ife tikanachita chimodzimodzi. Kufanana kulipo nkwakuti m'nyumba zonse ziwiri mwana anadziwa msanga kuti ndiwo za mawa zili pakhosi pake. Katundu ameneyo ndi wolemera ngakhale womusenzetsayo akhale wachikondi chotani. Mayi wina wa zaka za m'ma 30, yemwe ali mwana ankavina m'maukwati, anandiuza kuti kuvinako sakukumbuka kwenikweni. Chomwe chinamukhala ndi usiku akabwerako: mayi ake atayala chitenje pamphasa, koloboyi ali pambali, akuwongola ndalama zamapepala zokwinyika nkumaziunjika, iye ali chiimire pakhomo ndi nsapato zothina akuwerenga nkhope yawo. Zikachuluka, ankamuwotchera dzira. Zikachepa, sankamukalipira ayi, ankangopuma mozama nkuzimitsa nyali. Anati kupuma kumeneko amakumvabe mpaka lero bwana wake akangokhala chete. Mayi akewo sanamumenyepo ngakhale kamodzi, ndipo iye amawakonda, ndiye akuwasamala panopa. Zonse ziwiri nzoona nthawi imodzi.

M'buku muja muli malo amodzi omwe ndikufuna muwaike pafupi ndi nkhani yanu. Tsiku lina ali m'galimoto, Jennette analimba mtima nkuuza mayi ake kuti sakufunanso zisudzo. Mayiwo anayamba kulira ndi kumenya chiwongolero, mpaka mwanayo anabweza mawu ake kuti awatonthoze. Kalata yanu ikuti ali Fomu 2 "anangoti sakufunanso", koma simunanene zomwe inu munachita tsiku limenelo ndi masabata otsatira. Ngati munamulola, ngakhale mtima ukuwawa, pamenepo ndiye pagona kusiyana kwakukulu pakati pa inu ndi mayi wa m'bukumu, ndipo mwana wanu akudziwa. Ngati panali kunyanyala, masiku osayankhulana, kapena mawu onga "ndiye tidya chiyani", musadzibise. Sizikusandutsani chilombo, koma mwina ndi pomwe iye akufuna mufikepo. Dzifunseninso: akadwala kapena akatopa, ankaloledwa kukana? Anaphonyapo sukulu kapena masewera ndi anzake? Ankadziwa komwe ndalama zake zinkapita?

Mmene mungayambire nkhaniyi ndi pomwe ambiri timapunthwa, ine ndemwe ndinapunthwapo. Ndikuyamba kumene ntchitoyi, mtsikana wina anandifotokozera zowawa za mayi ake kwa ola lathunthu, ine pomaliza nkumuuza kuti, "Komabe ndi mayi ako." Anandithokoza mwaulemu, anatola kachikwama kake, sindinamuonenso. Ankadziwa kale kuti ndi mayi ake, nchifukwa chake zinkamupweteka. Kwa kholo, mawu ofanana ndi amenewo ndi akuti "ndinakuvutikira". Ndi oona, koma mukawatulutsa poyamba, chitseko chatsekeka. Kuitana amalume nakonso kusandutsa nkhani ya awiri kukhala mlandu, mwana nkukhala wozengedwa, ndipo adzapepesa kuti zithe, osadzakupatsaninso buku lina moyo wake wonse. Amalume ali ndi malo awo, koma osati pano, osati panopa. Msampha wina ndi wa mbali inayo: kugwa pansi ndi misozi, "ndine mayi woipa, ndikhululukire mwana wanga", mpaka iye ayambe kukutonthozani. Mukatero mwamubwezera pa ntchito yake yakale ija yowerenga nkhope yanu ndi kuikonza.

Chomwe ndaona chikugwira ntchito nchosavuta kunena, chovuta kuchita. Dikirani mpaka muonane maso ndi maso, muli awiri, manja ali ndi chochita, kaya mukusadzula masamba kaya mukusankha nyemba, chifukwa nkhani zolemera zimatuluka bwino anthu asakuyang'anizana. Muuzeni kuti mwaliwerenga lonse, ndipo lakukhudzani. Kenako mufunseni kuti ndi pati pomwe panamugwira mtima iyeyo. Mukatero khalani chete, ngakhale chetecho chitalike. Akanena za Sam ndi nkhuku, chezani za Sam ndi nkhuku, musamukakamize kupita komwe sanafune. Akanena za kuimba, mverani mpaka amalize osamudula, ngakhale atalakwitsa chaka kapena dzina la tchalitchi. Mukayamba kukonza timfundo tating'onoting'ono, iye amva kuti mukuti akunama. Mbali yanu mudzainena, ndipo ali ndi ufulu woimva, kuphatikizapo komwe ndalama zija zinkapita: fizi ya teremu yakuti, lendi, yunifolomu ya ang'ono ake. Ana ambiri omwe ankagwira ntchito ali ang'ono samafuna kubwezeredwa ndalama. Amafuna wina anene ndi pakamwa kuti, "Unatidyetsa iwe, ndipo unali mwana." Mwina sizitheka tsiku limodzi. Mwinanso adzangoti, "Aaa, amayi, ndi buku chabe," kenako nkudzayambitsa yekha patapita miyezi itatu.

Pali zina zomwe zikatuluka, musazisenze nokha. M'maulendo aja munali anthu ambiri akuluakulu: oimba zida, oyendetsa mwambo, madalaivala, eni nyumba zomwe munkagonamo. Ngati mwana wanu anganene, kapena kungozungulira, kuti wina anamugwira mosayenera, mukhulupirireni kaye, mafunso onga "bwanji sunanene" muwameze. Ku America komweko, Drake Bell, yemwenso anakulira pa Nickelodeon, anadzaulula mu 2024 kuti ndi iye mwana amene anachitidwa nkhanza zogonana ndi mphunzitsi wa ochita zisudzo, Brian Peck, yemwe khoti linamupeza wolakwa mu 2004. Zaka 20 dzina lake lili chibisire, ndiye kuchedwa kunena si chizindikiro cha bodza. Kuno kwathu mungapite ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku One Stop Centre ya pachipatala chachikulu, koma poti ndi wamkulu tsopano, asankhe yekha njira, inu mumuperekeze. Ngati munthuyo akadali pafupi ndi ana ena, nambala yaulere yothandizira ana ya 116 ilipo.

Yang'aniraninso kadyedwe kake, popeza bukuli limafotokoza mwatsatanetsatane njira zodzimana chakudya, ndipo kwa munthu amene ali kale ndi vutolo likhoza kutosa chilonda. Kuonda msanga, kudumpha chakudya nkumati ndadya kale, kuthamangira kubafa akangomaliza kudya, kusiya kusamba kumwezi popanda chifukwa: zimenezi nzofunika dokotala, si zakuti ndi matenda a azungu. Ndawaonapo atsikana athu omwe ali nazo. Chimodzimodzi akamanena zoti moyo watopa nawo, musadikire kuti kuche, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za maboma zili ndi anamwino a matenda a maganizo, ndipo St John of God ili ndi alangizi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Inunso mudzisamale, mayi mnzanga. Ngati patha masabata awiri kapena atatu tulo tisakubwera, chakudya chisakulowa, kapena mukungolira, kaonaneni ndi mlangizi panokha musanakumane ndi mwanayo. Ndipo musadabwe mukapeza kuti amene akukusowetsani tulo si mwana wanu koma mayi anu omwe. Zimachitika kawirikawiri: mayi amabwera kudzadandaula za mwana wake, pofika kumapeto kwa ola tikukamba za momwe iye anasiyitsidwira sukulu kuti azilera ang'ono ake, zomwe sanauzepo munthu chifukwa eni akewo anagona kale ndipo akufa sitiwanena.

Kanthu kena kakang'ono. Mukadzacheza bwino, mitima nkumasuka, padzabwera chilakolako choti mumuuze kuti, "Ndiye tandiimbira kanyimbo kamodzi kaja." Musatero, ngakhale mwanthabwala, ngakhale pa tsiku lanu lobadwa. Ngati mawu aja adzabwerere, mudzawamva tsiku lina kuchokera kukhitchini akutsuka mbale, akuganiza kuti muli panja. Mukadzawamva, pitirizani zomwe mukuchita, musalowe.